MBIRI YA TIMINDA TA ANTHU WAMBA KU ENGLAND

Munthu akakwera sitima ya pamtunda ku England mwezi wa March, nayang'ana pazenera pamene sitima iri kuturuka m'mzinda, kawiri kawiri aona kuseri kwa nyumba malo ogawidwa timinda tambirimbiri, tondondozana ngati mphasa zoyanikapo mphale. Pa kamunda kali konse pali kanyumba ka matabwa ndi mgolo wa madzi, ndipo ngakhale mphepo yace ndi yolasa m'mafupa, sipalephera kukhala nkhalamba yina yobvala cikhoti, iri weramu kutembenuza nthaka. Timinda timeneti eni dziko atichula allotment, ndiko kunena gawo limene munthu wapatsidwa. Wolimayo sanakagule kamundako ai. Angobwereka, nalipira ndarama pang'ono caka ndi caka. Kwa ife amene tinazolowera kuti mwana akakula apatsidwa pace polima ndi akuru a banja kapena ndi mfumu, cinthu cimeneci cioneka cacing'ono. Koma anthu a kumeneko anakangana zaka zoposa 100 kuti wosauka aloledwe kukhala ndi kamunda kotere, ndipo mbiri yace ndiyo tifuna kulongosolera owerenga athu mwezi uno.

Tiyambe ndi nyengo, pakuti wosaidziwa sangamvetse zotsalazo. Dziko la England liri kutali kumpoto, cotero nyengo zace zisemphana ndi zathu. Mvula kumeneko siisowa; igwa mwezi uli wonse. Cimene cilamulira mlimi ndico cisanu. Kuyambira November kufikira February masiku afupika, kotero kuti m'December dzuwa lilowa 4 koloko isanakwane. Mitengo iyoyoka masamba, madzi a m'zithaphwi auma gwa ngati mwala, ndipo palibe comera. Pofika March masiku ayamba kutalika, mitengo iyamba kuphukira. Monga ife tiyang'ana kumwamba kulindira mvula yoyamba, iwo ayang'ana pansi kulindira kuti nthaka ifunde.

Kale midzi yambiri ya ku England inali ndi makhalidwe amene sangatidabwitse. Pozinga mudzi panali minda iwiri kapena itatu yaikuru yopanda mipanda, yogawidwa ndime zazitali, banja liri lonse ndi ndime zace apa ndi apo. Kunja kwa mindayo kunali busa la onse ndi thengo. Munthu wosauka, ngakhale analibe ndime, anali kudyetsako ng'ombe yace imodzi, atsekwe ace ndi nkhumba, natolako nkhuni. Tsono eni nthaka olemera anaona kuti akasonkhanitsa ndimezo pamodzi nazichinga ndi mpanda, adzakolola zambiri ndi kuweta nkhosa zambiri. Anayamba kupempha Nyumba ya Malamulo kuti iwalole kutero, mudzi ndi mudzi. Malamulo otere anapitirira 5,000, ndipo ocuruka anapangidwa pakati pa 1750 ndi 1850. Nthaka imene inachingidwa inapitirira maekala 6,000,000.

Tisaname, minda yochingidwayo inaberekadi koposa kale, ndipo mizinda imene inali kukula inapeza cakudya. Koma taonani cimene cinagwera wosauka. Iye amene anali ndi umboni wolembedwa wa ufulu wace pabusa anapatsidwa kacigawo ka nthaka, namuuza kuti akachinge ndi mpanda ndi ndarama zace. Ambiri analibe ndaramazo, nagulitsa kacigawoko kwa mnansi wolemera. Iye amene anali kudyetsa ng'ombe pabusa cifukwa atate ace ndi agogo ace anali kutero, wopanda kalata, sanalandire kanthu konse. Ng'ombe anagulitsa, mkaka wa ana unatha, nkhuni zinasanduka zogula. Anatsala ndi manja ace okha, ndi malipiro a pa sabata amene mwini munda anafuna kumpatsa. Arthur Young, mlembi wochuka wa za ulimi, amene anayamba ndi kutama mipandayo koposa onse, anabvomera m'caka ca 1801 kuti m'midzi yocuruka osauka anapwetekedwa nayo.

Analipo ena amene anaona coipaci cisanakule. Pa mudzi wa Great Somerford, m'cigawo ca Wiltshire, panali mbusa dzina lace Stephen Demainbray, amene analinso wotumikira m'nyumba ya mfumu George III. Pamene nthaka ya mudziwo inali kuchingidwa, iye anapempha kuti maekala owerengeka apatulidwe, akhale a anchito osauka nthawi zonse, osalipira kanthu. Anamlola m'caka ca 1809. Timinda timeneto tilipobe, tichedwa Free Gardens, ndipo anthu a mudziwo atilima kufikira lero. Koma midzi yotere inali yowerengeka.

Cimene cinatsegula maso a akuru ndiwo moto. M'caka ca 1830, zokolola zitalephera zaka zotsatana, anchito a m'minda a kum'mwera ndi kum'mawa kwa England anauka. Anaphwanya makina opunthira tirigu, amene anawalanda nchito ya m'miyezi yozizira, natentha milu ya udzu wa ziweto, natumiza kwa eni minda makalata oopseza osainidwa dzina lopeka la Captain Swing. Boma linawalanga kolimba: anthu 19 anapacikidwa, ndipo pafupi 500 anatumizidwa ku Australia. Koma olemera anacita mantha, nayamba kufunsana kuti, kodi munthu amene ali ndi mbatata zace m'nthaka angatenthe mudzi? Pa nthawi yomweyo panabadwa bungwe lochedwa Labourer's Friend Society, limene linakopa eni nthaka ndi abusa kuti adzibwereketsa timinda kwa anchito.

Amene anakana kolimba ndiwo alimi akuru, olemba anthu nchito. Anati wanchito akalima pace m'mamawa adzafika ku nchito atatopa. Anati adzaba manyowa ndi mbeu. Cifukwa cacitatu sanali kucinena poyera, koma ndico cinali ceniceni: munthu amene ali ndi cakudya ca miyezi itatu m'nyumba angathe kukana malipiro ocepa. Cotero kumene timinda tinaloledwa, anaticepetsa dala, kuti tithandize banja koma tisalimasule.

Ndipo anaikapo malamulo ambiri, amene ena asungidwa kufikira lero m'mabuku a midzi. Wolima alime ndi fosholo, asalowetse pulawo. Asabwereketse kamunda kace kwa wina. Athire manyowa. Asabzale mbatata pa kamunda konse caka cimodzi. Awa ndi malamulo a nzeru, osamalira nthaka. Koma analiponso ena: asagwire khasu tsiku la Sabata, apezeke ku mapemphero iye ndi banja lace, asaoneke woledzera, ndipo akatsutsidwa pa mlandu uli wonse alandidwe kamunda. Ife sitikana kuti kupuma tsiku la Sabata nkwabwino, ndi kuledzera nkoipa. Koma tikayika ngati kupembedza kwa munthu wobwera ku mapemphero poopa kulandidwa kabici wace kunali kupembedza koona. Ndipo tizindikira kuti malamulo amenewa sanafunsidwe kwa mlimi wamkuru wobwereka maekala 300 kwa mwini nthaka yemweyo.

M'caka ca 1845 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo limodzi la mipanda yonse yotsala, ndipo inalembamo kuti pochinga busa angathe kupatula timinda ta anchito osauka, kali konse kosaposa limodzi la magawo anai a ekala. Oyang'anira ace anali mbusa wa mudzi, mkuru mmodzi wa mpingo, ndi anthu awiri osankhidwa. Mau anali okoma, koma anati "angathe", sanati "ayenera". M'zaka zoposa 20 zotsatira anachinga maekala oposa 600,000, ndipo amene anapatulira osauka sanakwane 2,500.

M'mizinda nkhani inayenda njira yina. Ku Birmingham kunali timinda timene amisiri anali kubwereka pa ndarama ya guinea imodzi pa caka, koma mzinda pokula unatimeza pafupi tonse. Ku Nottingham ta pa phiri la Hungerhill, tochedwa St Ann's, tinapulumuka. Tiri toposa 600 pa maekala 75, kali konse ndi mpanda wace wa zitsamba, ndipo anchito oomba nsaru a mzindawo anachuka ndi maluwa amene anali kubzala kumeneko.

Zinthu zinatembenuka pamene wanchito anapeza mau. M'caka ca 1872 Joseph Arch, wanchito wa m'minda wa ku Warwickshire ndi mlaliki wa mpingo wa Methodist, anayambitsa bungwe la anchito anzace. M'caka ca 1884 amuna ambiri a m'midzi analandira ufulu wa kusankha aphungu, ndipo pa cisankho ca 1885 mau amene anamveka ponse ponse anali akuti maekala atatu ndi ng'ombe, amene Jesse Collings ndi Joseph Chamberlain anali kulalikira. Maekala atatuwo sanaoneke. Koma m'caka ca 1887, pa cisankho capadera ca ku Spalding, Halley Stewart anapambana polonjeza timinda, ndipo aphungu ena poona cimeneci anafulumira kupanga lamulo caka comweco. Lamulo la 1894 linakhazikitsa makhonsolo a midzi, osankhidwa ndi anthu, nilinawapatsa mphamvu pa timinda. Lamulo la 1908 linamanga zonse pamodzi: khonsolo iyenera kupereka timinda tokwanira kumene anthu atifuna, ndipo anthu asanu ndi mmodzi okhoma msonkho kapena olembedwa m'kaundula wa cisankho akalemba kalata yopempha, khonsolo iyenera kuiganizira. Mau amenewa akali m'lamulo. Timinda tinali 243,000 m'caka ca 1873; pofika 1913 tinali ngati 600,000.

Tsono tilowe m'kamunda komwe, tione nchito yace. Muyeso wace wa cikhalire ndiwo marodi 10, ndiko kunena mayadi 30 m'litali ndi mayadi 10 m'lifupi, kapena limodzi la magawo 16 a ekala. Anati pamenepo munthu wakhama angathe kupeza ndiwo za banja la anthu anai caka conse. Nchito iyamba cisanu cisanafike. Mlimi atembenuza nthaka m'October kapena November, nasiya zibuma zikuruzikuru zosaphwanya. Madzi a m'zibumazo akaundana ndi cisanu atupa, nazing'amba. Akasungunuka, zibuma zigumuka zokha. Motero cisanu cimene cipha mbeu cimgwirira nchito yophwanya nthaka, ndipo pofika March angopalasa pamwamba, nthaka iri nyenyeswa.

Mbeu yaikuru ya timinda ndiyo mbatata imene ife tiichula kacewere. Mbeu yace ambiri agula yocokera ku Scotland, kumene kuzizira ndi mphepo zicepetsa nsabwe za m'masamba zofalitsa matenda. Ifika m'January kapena February, nthaka ikali youma ndi cisanu. Tsono aiyala m'timabokosi, maso ace kuloza kumwamba, naiika pa malo owala koma osafikako cisanu, kawiri kawiri pazenera la m'nyumba. Ikhala pamenepo ngati masabata asanu ndi limodzi, niturutsa timphukira tatifupi, tonenepa, tobiriwira. Akaiika mumdima iturutsa mphukira zazitali zoyera, zothyoka pobzala. Mwa njira imeneyi mbatata iyamba kukula isanalowe m'nthaka, ndipo mlimi aba masabata awiri kapena atatu kwa cisanu.

Mwambo wa makolo ao unali kubzala mbatata pa Lacisanu Loyera. Tsikuli lisuntha, caka cina ligwa kumapeto kwa March, caka cina mkati mwa April, cotero silingakhale muyeso wabwino wa kufunda kwa nthaka. Cifukwa cace cinali cina: kwa wanchito ndilo linali tsiku loyamba la cipumulo ciyambire Khirisimasi, ndipo Sabata linali loletsedwa. Masiku ena anali kulima pace madzulo atacoka kwa bwana, kapena pa mwezi wowala. Mbatata zikamera, aziunjikira nthaka kufikira masamba atsala pang'ono kubisika, pakuti usiku umodzi wa cisanu m'May udetsa masamba onse bii ngati apsa ndi moto. Zoyamba kuca azikumba m'June.

Pamodzi ndi mbatata, m'March abzala zopirira kuzizira: tianyezi tating'ono ta caka catha, nsawawa, ndi mtundu wa nyemba zazikuru zophwatalala zosaopa cisanu. Karoti ndi zina za mbeu zazing'ono alindira pang'ono. Maungu ndi nyemba zoyanga saziturutsa kunja kufikira May atatsala pang'ono kutha. Apa ndipo pagona yeso la mlimi watsopano. Dzuwa likawala masiku atatu m'March, mtima umkoka, nafesa zonse. Koma mbeu yogwa m'nthaka yozizira ndi yonyowa simera, ingobvunda. Akuru amuuza kuti ayang'ane udzu: ukayamba kumera wokha pa ndime, nthaka yafunda. Amuuzanso kuti asaponde nthaka imene imamatira ku nsapato, pakuti iumbika ngati dongo la mbiya, nikhala yolimba caka conse. Ife timati m'mera mpoyamba, ndipo pa cimanga cathu nzoona kuti wocedwa kubzala ndiye wolira. Kumeneko wofulumira aliranso cimodzimodzi.

Ndipo codabwitsa, nyengo yokongolayi ndiyo nyengo ya njala. Mbatata ndi anyezi za m'nkhokwe zatha kapena zaphukira, kabici wa m'nyengo yozizira wayamba maluwa, zatsopano sizinace. Kuyambira April kufikira kuciyambi kwa June kamunda kaoneka kobiriwira koma kopanda cakudya, monga momwe minda yathu ikhalira m'February, cimanga ciri ngaiyaye ndi nkhokwe iri mbee. Mlimi wanzeru adziwika ndi cimene ali naco m'miyezi imeneyi. Iye anabzaliratu caka catha masamba olimba onga mpiru, ndi mtundu wa anyezi wosacita mutu wochedwa leek, zimene ziima m'munda cisanu conse osafa.

Nkhondo ndiyo inasandutsa timinda ta osauka kukhala nkhani ya dziko lonse. England anali kudya tirigu ndi nyama zocokera kutsidya la nyanja, ndipo zombo za Germany zoyenda pansi pa madzi zinayamba kumiza zombo za cakudya. M'December 1916 Boma linalola makhonsolo kutenga nthaka iri yonse yogona m'mizinda ndi kuigawa. Makampani a njanji anagawa malo a m'mbali mwa njanji zao, ndico cifukwa cace timinda tambiri tioneka pazenera la sitima. Pofika 1918 timinda tinali ngati 1,500,000. Nkhondo itatha, eni nthaka anafuna malo ao, ndipo anthu ambiri amene anazula zitsa ndi kuthira manyowa zaka ziwiri anauzidwa kuti acoke.

Kudandaula kwao kunabala malamulo amene, pakuona kwathu, ndiwo a nzeru koposa onse m'mbiri imeneyi. Lamulo la 1922 linanena cimene kamunda kali: kosaposa marodi 40, kolimidwa kuti wolimayo ndi banja lace adye, kosati ka malonda. Linanenanso kuti munthu asacotsedwe popanda cenjezo la miyezi isanu ndi umodzi, ndipo lamulo la 1950 linatalikitsa cenjezolo kukhala miyezi 12. Koposa apo, tsiku locoka liyenera kugwa pa 6 April kapena m'mbuyo mwace, kapena pa 29 September kapena m'tsogolo mwace. Owerenga aone cimene masiku awiriwa atanthauza. Pakati pao ndipo pali nyengo yonse ya kubzala ndi kukolola. Mwini nthaka amene angofuna malo ace sangacotse munthu mbeu ziri m'nthaka. Amcotse asanabzale, kapena alindire akolole. Lamulo la 1925 linaonjeza kuti nthaka imene khonsolo inagulira timinda isagulitsidwe popanda cilolezo ca nduna ya Boma. Lija la 1950 linalolanso kuweta nkhuku zazikazi ndi akalulu. Za tambala silinanene, ndipo m'malo ambiri aletsedwa cifukwa ca anansi ofuna tulo.

Pakati pa nkhondo ziwirizo panagwa ulova waukuru, makamaka kwa okumba malasha a ku South Wales ndi kumpoto kwa England. Anthu a mpingo wa Society of Friends, ochedwa Quakers, anaona amuna amphamvu ali khale m'miseu, nayamba kuwapezera mbeu ya mbatata, mbeu za ndiwo, laimu ndi zokumbira pa mtengo wocepa. Sanapereke kwaulere, munthu anali kulipira gawo lace pang'ono pang'ono sabata ndi sabata, kuti cimene akolola acione kuti ncace. Anthandiza motero amuna zikwi zambiri.

Za nkhondo yaciwiri zidziwika koposa. M'October 1939 nduna ya za ulimi, Reginald Dorman-Smith, inalankhula pa wailesi kupempha anthu kuti alime, ndipo nchitoyo inachedwa Dig for Victory, ndiko kunena kulima kuti dziko lipambane. Anatipula mabwalo a masewera, ndi kapinga wa m'mapaki a mfumu ku London, ngakhale ngalande yozinga linga lakale la Tower of London. Ambiri a olimawo anali asanagwirepo fosholo, ndipo ambiri anali akazi, amuna atapita ku nkhondo. Boma linasindikiza timapepala towaphunzitsa. Koyamba kanali ndi cithunzi ca kamunda ka mayadi 30 ndi 10 kogawidwa patatu, kuti mbeu zisinthane malo caka ndi caka: pamene panali mbatata pabwere nsawawa ndi anyezi, pamene panali izo pabwere kabici. Kusinthaku kuletsa matenda kukhazikika m'nthaka, makamaka nthenda yotupitsa mizu ya kabici. Phunziro lalikuru la kapepalako linali lakuti anthu asalime za m'nyengo yofunda zokha, pakuti caka coyamba ambiri anakhuta masamba m'July nasowa ndiwo m'March. Tsiku la Sabata masana anthu anali kuchera khutu kwa C. H. Middleton, amene anali kuphunzitsa za m'munda pa wailesi. Pofika 1943 timinda tinali ngati 1,400,000.

Mtendere utabwera, cakudya cinacuruka m'masitolo, nthaka inafunika pomanga nyumba, ndipo ana sanafune nchito ya atate ao. Boma linatuma Harry Thorpe, mphunzitsi wa pa University of Birmingham, kuti afufuze, ndipo m'caka ca 1969 iye anati dzina la allotment linunkha umphawi, timinda tisanduke malo opumulirako mabanja, a maluwa ndi kapinga. Zocepa za mau ace zinacitika. Pofika 1996 mu England munatsala timinda tosakwana 300,000. Ndipo si tonse tiri ndi citetezo ca lamulo la 1925. Timinda ta Manor Garden, kum'mawa kwa London, tinagumulidwa m'caka ca 2007 kukonzera malo masewera a Olympic a 2012, ngakhale olimawo anakana kolimba. Koma zaka za 2000 zitayamba anthu anatifunanso, kotero kuti m'mizinda yina munthu alembetsa dzina nalindira zaka zingapo, ndipo makhonsolo ambiri anayamba kudula timinda pakati kuti awiri apeze.

Kuyendetsa malo otere sikuli kopepuka, ndipo ali yense amene anakhalapo m'komiti ya mpingo kapena ya dimba la m'mudzi adzazindikira mabvuto ace. M'malo ambiri khonsolo isiya nchitoyi m'manja mwa bungwe la olima okha, amene asankha wapampando, mlembi ndi msungi wa cuma. Mlembi asunga buku la olindira, ndipo ayenera kugawa potsata mzere, osadumphitsa mbale wace. Msungi wa cuma atolera lendi, alipira madzi, nagula mbeu ya mbatata ndi manyowa mwa cipiku kuti onse apeze pa mtengo wocepa. Milandu yace ndi yomweyi caka ndi caka: uyu wadya njira ya pakati ndi fosholo, mtengo wa uyo ucita mthunzi pa ndime ya mnzace, wina atunga madzi onse m'mgolo, wina atentha zinyalala utsi nulowa m'nyumba za anansi, ndipo usiku mbala zithyola tinyumba.

Koma mlandu woposa yonse ndiwo kamunda kogona. Munthu alandira kamunda ndi cimwemwe, alima mwezi umodzi, naona kuti msana upweteka, naleka. Udzu ukula, nubala njere, mphepo niziwaza pa ndime za anansi amene anapalira bwino. Ndipo kunja kwa cipata kuli anthu makumi olindira. Cifukwa cace pa nyengo ya mphukira komiti iyendera timinda tonse. Kumene sikuoneka nchito atumiza kalata yocenjeza, napatsa munthu masabata owerengeka. Akapanda kusintha, pangano lace lilola kumcotsa, pakuti citetezo ca masiku awiri aja ndi ca wosunga pangano. Apa komiti ifunika mtima ndi maso. Kamunda kangagone cifukwa ca ulesi, kangagonenso cifukwa mwini wace wagona m'cipatala, kapena waika mkazi wace mwezi watha. Komiti yabwino iyamba yafunsa isanalembe kalata, ndipo kawiri kawiri anansi atembenuzira wodwalayo ndime imodzi, kapena aphimba nthaka yace kuti udzu usamere, kufikira adzuke. Nkhalamba imene yalima pamenepo zaka 30 aipempha kuti isunge theka, theka lina alandire wacinyamata. Tiganiza kuti kuweruza kotere kuposa kuja kwa oyang'anira a 1845, pakuti oweruzawo ali ndi matuza m'manja ngati woweruzidwayo.

Olima a masiku ano salinso Angerezi okha. Nkhondo yaciwiri itatha kunafika anthu a ku Jamaica ndi zisumbu zinzace, a ku India ndi Pakistan, ndipo pambuyo pace a ku Africa. Ambiri a iwo anakulira m'midzi ya alimi, natenga timinda pa nthawi imene eni dziko anali kutinyoza. Pa timinda ta Uplands, ku Handsworth mu Birmingham, munthu apeza maungu ndi ndiwo imene a ku Jamaica aichula callaloo, imene ife tikaiona tingoti bonongwe. Ndipo a kwathu kuno ndi a ku Zimbabwe okhala kumeneko, polakalaka nkhwani ndi cimanga caciwisi, aphunzira kucitira cimanga cimene Mngerezi acitira mbatata yace. Acifesa m'timiphika m'April, naciika pazenera la m'nyumba, nacithirira ngati mbande za fodya. Masana ofunda acituruka naco panja kuti cizolowere mphepo, madzulo nacilowetsanso. Kumapeto kwa May, anansi akuru akati cisanu catha, acinyamula kupita naco ku kamunda, naciwokera moyandikana m'mizere yaifupi yambiri, kuti mungu wa ngaiyaye ugwere pa ndebvu za cinzace.